Phiri mukulidziwa, koma kodi mapu mukuwadziwa?

Funso: "Ndine potala wa ku Likhubula, ndipo Porters Race ndathamangapo kanayi. Mlendo wina amene ndinamuperekeza ku Chambe anandiuza za mpikisano wotchedwa rogaining, woyenda m'magulu kufunafuna zizindikiro m'tchire pogwiritsa ntchito mapu, usana ndi usiku. Ine ndi anzanga awiri, mmodzi ndi mayi, tikufuna kuyamba kukonzekera, ndipo kalabu yathu ikuganiza zokonza mpikisano wathuwathu wa maola 12 chaka chamawa. Popeza phirili timalidziwa ngati kuchipinda kwathu, kodi sikungofunika kuwonjezera liwiro basi? Tikonzekere bwanji?"

Achimwene, liwiro si limene mukusowa. Munthu amene pa Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje, wanyamuka pa Likhubula, kukwera njira ya Skyline mpaka ku Chambe, kudutsa kupita ku Lichenya n'kutsikanso, makilomita opitirira 20, ndipo wachita zimenezi kanayi konse, miyendo ali nayo kale. Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu aja akuti phiri mumalidziwa ngati kuchipinda. Mawu amenewo ndi oona, koma ndi omwewonso angakugoneketseni m'khwawa usiku wonse.

Tiyambe ndi masewerawo, kuti tizikambirana chinthu chimodzi. Rogaining inayambira ku Australia, m'chigawo cha Victoria, ndipo dzinali linabadwa mu 1976 kuchokera ku mayina a anthu atatu amene anaikhazikitsa: Rod, Gail ndi Neil. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Beechworth mu 1992. Timu imakhala ya anthu awiri mpaka asanu. Mpikisano waukulu ndi wa maola 24, koma iliponso ya maola 6, 8 ndi 12. Kutatsala maola awiri kapena atatu kuti muyambe, amakupatsani mapu okhala ndi timizere tozungulira tambirimbiri, ndipo pamalo aliwonse ozunguliridwawo anapachikapo kambendera koyera ndi kaolenji. Kambendera kalikonse kali ndi mapointi ake. Kawirikawiri nambala yake ndiyo imakuuzani, moti ka nambala 74 kamapatsa mapointi 70, ka 32 kamapatsa 30. Nonse mumanyamukira pa msasa umodzi n'kudzabwerera pomwepo, koma palibe amene amakuuzani kambendera koyambira kapena kothera. Mumasankha nokha, ndipo kawirikawiri zizindikirozo zimachuluka moti simungazifikire zonse. Zida zololedwa ndi mapu, kampasi ndi wotchi. GPS ndi foni siziloledwa. Timu siyenera kubalalika, ndipo pa kambendera kalikonse mumafika nonse pamodzi. Mukachedwa kubwerera, m'mipikisano yambiri amakudulani mapointi 10 pa mphindi iliyonse, ndipo mukapyola mphindi 30 zonse zimene mwatolera zimapita m'madzi.

Taonani kusiyana kwake. Pa Porters Race njira ndi imodzi, aliyense akuidziwa, wopambana ndi amene miyendo ndi mapapo ake zalimba. Kuno njira mumapanga nokha, ndipo timbenderato sakutipachika m'njira. Amatiika pamene timitsinje tiwiri takumana, kuseri kwa thanthwe, pampata wa pakati pa zitunda, malo amene inu mwakhala mukuwadutsa patali mutasenza chikwama cha mlendo koma simunapondepo. Nzeru ya potala ndi ya njira: pamwala wakuti timakhota, pamkungudza wouma uja timatsika. Ndi nzeru yamtengo wapatali, ndipo ndimailemekeza. Koma imadalira maso kuona mwalawo ndi mtengowo. Usiku ukagwa, kapena chiperoni chikatsika n'kuphimba zonse, mwala uja umafanana ndi miyala ina chikwi.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china mu Julaye tinali awiri pamwamba pa Lichenya, ine ndi mnyamata amene ndinkamuphunzitsa mapu. Nkhungu inatsika masana ndithu, moti munthu sumaona mnzako atatalikira mapazi khumi. Kampasi inali m'thumba, koma sindinaitulutse, poti malowo ndinali nditayendamo kambirimbiri. Ndinatsata kamtsinje kamene ndinkati ndikukadziwa. Titayenda kupitirira ola, mnyamatayo anatulutsa kampasi yake n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, madziwa akulowera kummwera, pamene ife tikufuna kumadzulo." Ndinamuyankha kuti kampasi yake yawonongeka. Ndinatulutsa yanga, inanenanso chimodzimodzi, ndipo ngakhale pamenepo mtima wanga unkakanabe. Tinabwerera chifukwa mnyamatayo anaumirira, ndipo nkhungu itang'ambika pang'ono tinaona kuti kutsogolo kumene ndinkamutsogolera nthaka inkathera m'phompho. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti mutu ukamakangana ndi kampasi, wolakwa ndi mutu.

Choncho miyezi yoyamba muithere pa mapu. Pezani mapu a boma a ku Dipatimenti ya Surveys, a muyezo wa 1:50,000. Pa mapu amenewo masentimita awiri ndi kilomita imodzi pansi, ndipo milimita imodzi ndi mamita 50. Chovuta kwenikweni ndi timizere tofiirira tokhotakhota tija, makontuwa, timene timasonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Njira yosavuta yomvetsera ndi iyi: tengani mbatata yaikulu, muidule pakati, muigoneke pa tebulo ngati kaphiri, kenako muidule mopingasa m'magawo ofanana kunenepa n'kuwasanjanso. Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, mizere ya mpeni ija ndiyo makontuwa. Pamene mizere yathithikana, pamenepo n'potsetsereka kwambiri. Pamene yatalikirana, n'pathyathyathya. Pamene yapindika ngati chilembo cha V, nsonga yake ikuloza kumtunda kwa mtsinje. Yang'anani m'mphepete mwa mapu kuti mudziwe kuti pakati pa mzere ndi mzere pali kukwera kotani, ndiponso ngati akuwerengera mamita kapena mafiti, chifukwa mapu ena akale ali m'mafiti.

Apa ndi pamene kudziwa kwanu phiri kumasanduka chuma. Munthu wa mumzinda amaphunzira makontuwa ngati masamu. Inu mukhoza kukhala pakhonde la nyumba ya alendo ya ku Chambe, kutembenuza mapu kuti kumpoto kwake kuloze kumpoto kwenikweni, n'kumafananiza: nsonga ya Chambe iyo, pa pepala ikuoneka chonchi, khwawa lija timatsikira ku Chapaluka, pa pepala ndi ili. Chitani zimenezi pa ulendo uliwonse, ngakhale wa ntchito. Pindani mapu, chala chachikulu chikhale pamalo pamene muli, ndipo chizisuntha mukamayenda. Musanafike pa chinthu, nenani mokweza chimene mapu akuti mukumana nacho: "Tikawoloka kamtsinje aka tikwera pang'ono, kenako kudzanja lamanja kukhala thanthwe." Chikapanda kuoneka, imani pomwepo. Anthu ambiri amasochera pang'onopang'ono, akumadzinamiza kuti mwina thanthwelo lili kutsogolo.

Muchenjerenso kuti mapu amakalamba mosiyanasiyana. Njira zimafa, zina zimabadwa. Nkhalango za paini zimene zinali pa Chambe zinadulidwa. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 anagumula mbali zina za phirili, napolo n'kukumba makwawa atsopano ndi kusuntha mitsinje. Ndiye khulupirirani kwambiri maonekedwe a zitunda ndi zigwa, mitsinje pambuyo pake, ndipo njira ndi mitengo muziziika kumapeto.

Za kampasi ndinene zinthu zimene anthu amaziphonya. Singano yake siloza kumpoto kwa mapu ndendende. Kuno kwathu imapatukira madigiri angapo cha kumadzulo, ndipo kupatukako kumasintha pang'onopang'ono ndi zaka, choncho nambala yolembedwa pa mapu akale si ya lero. Okonza mpikisano amakuuzani nambala yoyenera kapena amajambuliratu mizere yake pa mapu. Musaipeputse: kulakwitsa ndi digiri imodzi kumakutayani mamita pafupifupi 17 pa kilomita iliyonse, ndipo madigiri asanu ndi mamita pafupifupi 87. Usiku, mu udzu wofika m'chiuno, kambendera kamene kali mamita 87 kumbali simungakaone. Chinanso, makampasi ambiri amene alendo amatisiyira anapangidwira ku Ulaya. Kuno kummwera singano yake imapendekeka n'kumakhula pansi, moti imatha kukakamira. Muiyese musanaidalire, ndipo poiwerenga muitalikitse ku chikwanje, foni ndi tochi.

Akatswiri salunjika pa kambendera kuchokera kutali. Amayamba apeza chinthu chachikulu chosasowa chimene chili pafupi nako, monga mlatho kapena pokumanira mitsinje, n'kuyambira pamenepo kuyenda mosamala ndi kampasi. Ndipo ngati mukufuna pokumanira mitsinje iwiri, musalunjike pomwepo, chifukwa mukafika pamtsinje osapaona simudziwa ngati pali kumtunda kapena kumunsi. Lakwitsani dala, lozani kumtunda pang'ono, kuti mukafika pamadzi mudziwe kuti mungotsata kutsika. Musanachoke, gwirizananinso chinthu chimene chikuuzeni kuti mwapyola: "Tikangoyamba kutsika mbali inayo, tabzola." Mtunda muziuyeza ndi mapazi. Pitani pabwalo la mpira, yezani mamita 100 ndi tepi, muwerenge phazi lamanja lokha likamaponda. Anthu ambiri amapeza pakati pa 60 ndi 70. Mubwerezenso pokwera, mu udzu, ndiponso mutatopa, chifukwa nambalayo imakwera.

Tsopano nthawi, imene ndiyo mpikisano weniweniwo. Pali lamulo lakale la William Naismith wa ku Scotland, la mu 1892, loti munthu woyenda bwino amatenga ola limodzi pa makilomita asanu, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Inu mapotala mumalipyola lamuloli kutali mukakhala m'njira. Koma kunja kwa njira, m'zitsamba ndi m'miyala ikuluikulu ya m'phirili, kilomita imodzi ikhoza kudya ola lathunthu. Gulani kope, muzilemba za timu yanu: m'njira masana timayenda chonchi, m'tchire chonchi, usiku chonchi. Tsiku la mpikisano mudzatenga ulusi umene mwauika mfundo pa kilomita iliyonse, kuuyala pa mapu kudutsa m'zizindikiro zimene mwasankha, n'kuona ngati ulendowo ukukwana m'maola anu. Zizindikiro zovuta kupeza muziike masana, usiku musiyire zimene zili pafupi ndi misewu, mitsinje ndi mizere ya zitunda. Lembani pa mapu pomwepo kuti pofika ola lakuti tikhale tili apa, ndipo ngati sitinafike, tidula izi ndi izi n'kulowera kumsasa. Chiganizo chimenecho chipangidwe m'mawa mitu ili bwino, chifukwa madzulo, kambendera ka mapointi 90 kakuoneka patsidya, palibe amene amafuna kubwerera. Kuthamanga si kufika.

Thupi nalo lifunika kusintha, ngakhale ndi lolimba kale. Porters Race ndi moto wa maola awiri kapena atatu. Uwu ndi moto wa chitsa, wofuka tsiku lonse. Matimu apamwamba amayenda makilomita opitirira 100 m'maola 24, koma gawo lalikulu amayenda ndawala, n'kumathamanga pang'ono potsika ndi pathyathyathya pokha. Dzipatseni miyezi itatu kapena inayi. Mkati mwa sabata thamangani monga mwa nthawi zonse, koma Loweruka likhale la ulendo wautali wa timu yonse, mutasenza zonse zimene mudzanyamule pa tsikulo: yambani ndi maola anayi, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo sabata yachinayi iliyonse muchepetse kuti thupi libwerere. Nthawi zina yendaninso Lamulungu lake miyendo ikadali yolemera. Sabata ziwiri zomaliza muzipumula kwambiri.

Maulendo enawo akhale kumalo kumene simukudziwa, ndipo ichi ndikuchinenetsa. Mukamangoyeserera pa Likhubula ndi Chambe simudzadziwa ngati mukuwerenga mapu kapena mukungokumbukira. Pitani cha ku Fort Lister ndi Michesi, kapena mutsikire ku Thyolo, kumene zitunda za tiyi zimafanana ngati mapasa ndipo timisewu ta m'minda timasokoneza kuposa nkhalango. Mindayo ili ndi eni ake, choncho pemphani kaye kwa oyang'anira. Kuyenda usiku muyambire pamalo osaopsa, maola awiri okha, kenako muzitalikitsa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, n'kudzatuluka cha m'ma 6, ndiye mdima ndi wa maola oposa 12. Tochi ya pamutu ndi mabatire apadera si zapamwamba ayi, n'zofunika.

Mwatchula kuti mmodzi mwa inu ndi mayi, ndipo ndikuganiza kuti mwatchula chifukwa mukuopa kuti achedwetsa gulu. Musafulumire kuganiza choncho. Pa ulendo wa tsiku lonse, amene amagwa msanga kawirikawiri ndi mwamuna waliwiro amene ananyamuka ngati akuthamangitsa mbala. M'mipikisano imeneyi muli gawo la matimu osakaniza amuna ndi akazi, ndipo matimu otere amachita bwino ndithu. Chimene chili choona n'chakuti timu imayenda pa liwiro la amene watopa kwambiri pa ola limenelo, ndipo munthu ameneyo amasinthasintha. M'mawa akhala uyu, pakati pa usiku mukhala inuyo. Wamphamvu atenge katundu wa wofooka popanda mawu onyoza, ndipo wofookayo apereke popanda manyazi. Pa chikhalidwe chathu mwamuna savomera msanga kuti watopa, ndipo wamng'ono sawongolera wamkulu. Zonse ziwirizi muzisiye pa Likhubula. Mnyamata uja akanandiopa, sindikudziwa kuti bwenzi ndikulemba kalata ino. Anthu awiri azigwira mapu nthawi zonse, wachitatu aziwerenga mapazi ndi kuyang'ana wotchi, n'kumakumbutsa anzake kudya. Nthawi yoipitsitsa ndi pakati pa 2 ndi 4 koloko m'bandakucha, pamene tulo, njala ndi chisanu zimakumana. Mikangano yambiri imabuka pamenepo, ndipo mankhwala ake kawirikawiri ndi chakudya ndi juzi.

Chakudya musadikire njala. Idyani pang'ono mphindi 30 kapena 40 zilizonse kuyambira ola loyamba: nthochi, mbatata yophika, chinangwa, mandasi, zitumbuwa, buledi wopaka chiponde, mtedza wokazinga wa mchere. Zotsekemera zokhazokha zimakola pakapita maola angapo, ndiye nyamulaninso zamchere. Chilichonse chimene mudzadye pa mpikisano muyambe mwachiyesa pa maulendo a Loweruka. Madzi imwani molingana ndi ludzu, osati kudzikakamiza malita ambirimbiri, chifukwa madzi ochuluka opanda mchere nawonso amadwalitsa. Paketi ya Thanzi ORS imathandiza, kapena sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Madzi a m'mitsinje ya kumunsi, kumene kuli midzi, muziwathira WaterGuard.

Chisanu ndicho chimapha m'phiri muno, ndipo inu mukudziwa kuposa ine. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi asanu ndi limodzi, ndiye pamwamba pa phiri, mamita pafupifupi 2,000, munthu wonyowa ndi chiperoni amene waima chifukwa wasochera amazizidwa msanga kwambiri. Mlendo wa ku Brazil amene anasowa pa Sapitwa mu 2009 anapezeka atamwalira ndi kuzizira. Aliyense anyamule jekete ya mvula, juzi youma yokulungidwa m'jumbo, chipewa ndi wezulo. Mnzanu akayamba kunjenjemera, kupunthwapunthwa ndi kulankhula zosamveka, mpikisano watha: muvekeni zouma, mumudyetse, mutsike naye. Mapazi nawo muwasamale. Nsapato zikhale zozolowera, masokosi apadera akhalepo, ndipo pamene payamba kutentha mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke. Buluku lalitali limateteza ku chitedze ndi minga, ndipo poponda muziyang'ana, chifukwa mphiri sithawa.

Za mpikisano wa kalabu yanu, malangizo anga ndi akuti musayambe ndi maola 12. Yambani ndi wa maola 6, wa masana okhaokha, m'munsi mwa phiri, kuti muphunzire kuika zizindikiro. Kambendera koikidwa pamalo olakwika kamawononga mpikisano wonse, choncho kalikonse kakatsimikiziridwe ndi munthu wachiwiri amene apite payekha ndi mapu. Pa Sapitwa ndi m'mphepete mwa maphompho musaikepo kalikonse, ngakhale wina atanena kuti zikometsa. Kumanda, m'minda ya anthu ndi malo amene akuluakulu amawalemekeza muwajambule pa mapu kuti ndi oletsedwa. Ngati muli cha ku Muloza, kumbukirani kuti tsidya la mtsinje ndi Mozambique. Chilolezo cha a zankhalango pa Likhubula n'chofunika, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a Mountain Club of Malawi ndi anthu oyenera kucheza nawo msanga.

Mukadzafika pa wa usiku, sankhani tsiku loyandikira mwezi wathunthu, monga amachitira kwina konse, ndipo mupewe miyezi ya mvula ndi ya moto wolusa. Koma chachikulu koposa, chimene mlendo wanu uja sakanakuuzani, ndi ichi. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira m'Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Magulu a anthu ovala matochi pamutu, akuzungulira kuseri kwa midzi pakati pa usiku atagwira mapepala, akhoza kudzutsa mantha omwewo m'kanthawi kochepa. Izi zikukhudzanso maulendo anu oyeserera. Musanayende usiku kulikonse, pitani kwa mfumu ya mudzi uliwonse umene mudutse, mukhale pansi, muwaonetse mapu, kampasi ndi kambenderako. Dziwitsani apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi, ndipo uthenga ulengezedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti kutatsala sabata imodzi. Pemphani mfumu iliyonse ikupatseni achinyamata awiri oti azilondera zizindikiro za m'dera lawo, ndipo ngati ena mwa iwo akufuna kulowa nawo mpikisano, apangireni timu yawo ndi kuwabwereka kampasi.